Ma yearo athu tikungowatsitsa pa geti ngati katundu wa pa basi

A Mkonzi,

Ndipatseniko kampata mu nyuzi yathuyi ndinene zomwe zakhala zikundidya mumtima kuyambira pomwe ndinakasiya mwana wa achemwali anga ku koleji ina ya boma chaka chatha ngati yearo, kunena wophunzira wa chaka choyamba. Ine ndi mphunzitsi pa CDSS ina kuno ku Ntcheu, ndipo kwathu ndine mwinimbumba, nde mwana akasankhidwa nkhani ya fizi, thiransipoti ndi matiresi imagwera pa mutu panga ine malume wake.

Mukudziwa mmene zimakhalira mayina a osankhidwa kupita ku yunivesite akatuluka ku bungwe la NCHE. Mudzi wonse umatekeseka, nthungululu mbwee, nkhuku imafa, abusa amalengeza ku tchalitchi mwana nkuimitsidwa kutsogolo kuti anthu amuone, ndipo ngakhale azakhali omwe sanagulepo cholembera ndi chimodzi chomwe amayamba kunena kuti mwana wathu. Koma tsiku lonyamuka likafika timamukweza minibasi ndi chikwama, kathumba ka ufa ndi ndowa, nkumuuza mawu omwe aja akuti ukalimbikire sukulu usakatengeke ndi anyamata. Basi kwatha. Tonse timabwerera kunyumba mtima uli mmalo ngati ntchito yatha, chonsecho kwa mwanayo ndi pamene mavuto akuyamba kumene, ndipo masabata asanu ndi limodzi oyambawo ndi amene amagwetsa ana ambiri, osati chifukwa ndi mbuli ayi, mwana wokhoza MSCE ndi mapointi 14 pa sukulu yopanda labu si mbuli, koma chifukwa palibe womugwira dzanja ndipo iye mwini amachita manyazi kufunsa.

Ndikunena izi ndinadutsamo. Ndinalowa koleji mu 2008, nthawi imene kafe, kodyera ophunzira, inali ikadalipo ndipo timadya katatu patsiku osatulutsa ndalama mthumba. Koma ine masiku awiri oyamba ndinagonera mabanzi ndi madzi, chakudya chili chapompo, chifukwa pakhomo pa kafe panali makonti, ophunzira a zaka zapamwamba, akukuwa kuti yearooo aliyense wovala jombo zopolisha akamadutsa, ndipo ine sindimadziwa kuti kakhadi kachakudya kaja amakaonetsa kwa ndani, mbale amatenga pati. Ndinkaima chapatali ngati ndikudikira munthu kenako nkubwerera ku rumu. Anandipulumutsa ndi mkulu wina wa chaka chachitatu wa kwathu konkuno, anangondimva kalankhulidwe nkuti iwe ndiwe wa ku Ntcheu eti, tiye tikadye. Mawu amenewo okha. Lero ndimaseka ndikakumbuka, koma tsiku limenelo ndinali nditayamba kale kuwerengera ndalama ya basi yobwerera kumudzi.

Nanga ngati zinali choncho nthawi ya kafe yaulere, lero zili bwanji? Pano mayunivesite a boma alipo asanu ndi imodzi. UNIMA ku Zomba, MUBAS ndi KUHeS zomwe zinaima pazokha mu 2021 atagawa Yunivesite ya Malawi, LUANAR ku Bunda, Mzuni ku Mzuzu ndi MUST ku Thyolo. Ana osankhidwa achuluka, zomwe ndi zabwino ndithu, ana a ku CDSS omwe kale ankangomva za yunivesite pa wailesi pano akulowa. Koma mabedi sanachuluke mofanana ndi ana, nde ambiri amakapezeka ku Chikanda, ku Ndirande, ku Chitawira, ku Luwinga, kwa Goliati, kumachita lendi, kuphika okha, kutunga madzi okha, mwana wa zaka 18 yemwe sanagwirepo ndalama yoposa ya ndiwo za tsiku limodzi.

Mwana wa achemwaliyu malo a pa kampasi sanapeze. Tisananyamuke munthu wina pa gulupu ya WhatsApp ya ma yearo analemba kuti ali ndi malo a atsikana pafupi ndi geti, zithunzi zokongola, matailosi, shawa, ongotumiza dipoziti pa Airtel Money malo asanathe. Mwana anandikakamiza usiku wonse kuti malume tumizani anzanga atumiza kale. Ine kaya chinandigwira nchani, ndinati ayi tikaona ndi maso. Titafika tinapeza atsikana atatu ataima pa geti ndi zikwama zawo akuimba nambala yomwe ija, foni yozima. Mmodzi bambo ake anagulitsa mbuzi kuti atumize ndalama imeneyo, anali atangokhala pa ndowa yake osalira osayankhula. Palibe aliyense wa pa koleji amene anawachenjeza anawa kuti kuli akathyali otere, chonsecho makonti onse amadziwa kuti chaka chilichonse zimachitika.

Ife tinayenda wapansi mpaka dzuwa kupendeka, mnyamata wa kabaza ndi amene anatilozera nyumba ina. Rumu yake inali ngati kitchini ya kwathu kukula kwake, mabedi awiri osanjikana kutanthauza anthu anayi, zenera limodzi lotchinga ndi katoni mbali ina, soketi imodzi yopsa kale mmbali, ndipo alandilodi ananeneratu kuti hotipuleti ayi, ayironi ayi, mpopi amatsegula 5 koloko mmawa nkutseka 7. Chimbudzi chimodzi anthu khumi ndi awiri. Ndinalipira miyezi iwiri, ndinamugulira mbaula, kathumba ka makala, bonya, soya pisesi ndi mafuta a botolo laling'ono, nkumusiyira ndalama yotsala nditachotsapo yanga ya basi. Pokwera minibasi ndinatembenuka ndinamuona ataima pa msewu atagwira chitenje pakamwa, ndipo ndinadziuza ndekha kuti azolowera, tonse tinazolowera. Apa ndi pamene ndinalakwitsa.

Masabata anayi oyamba ndikaimba yankho linali limodzi, zikuyenda malume. Amayi ake akaimba, zikuyenda amayi. Sabata yachisanu foni inalira cha mma 11 usiku, ndinayankha ndili mtulo ndinangomva kufwenthera. Akuti malume ine ndikubwera, sukuluyi si ya ine. Nditamunyengerera ndi pamene zonse zinatuluka ngati thumba lang'ambika. Tesiti yoyamba anapeza 8 pa 30, mwana yemwe chiyambire Fomu 1 sanatsikepo pa nambala 3. Asayimenti yoyamba a lekichala anati itayipidwe nkutumizidwa pa intaneti, iye kompyuta anali asanaikhudzepo chibadwire, analemba pamanja bwinobwino masamba anayi nkujambula ndi foni, ndipo mmene amapeza womuthandiza kutumiza nthawi inali itadutsa potumizira patatsekeka. Mkalasi muli anthu mazana, iye amakhala kumbuyo kwenikweni chifukwa amachokera kutali wapansi, a lekichala amayankhula chizungu chothamanga uku akusintha masilaidi, ana a ku ma sukulu a pulaiveti akuyankha mafunso ndi chizungu cha mmphuno, iye nkumangoona ngati aliyense akumva kupatula iye yekha. Mesho wake, mnzake wogona naye rumu imodzi wa bedi lapamwamba, anali atamubwereka ndalama ya ndiwo osabweza. Ndipo kwa masiku atatu anali akudya kamodzi patsiku.

Ndinamufunsa kuti bwanji sunanene? Akuti ndimaopa kuti amayi adandaula, komanso anthu akumudzi aziti chani.

A Mkonzi, pamenepa ndinadziona kulakwa kawiri, ngati malume komanso ngati mphunzitsi. Ife ku sekondale timawalera anawa ngati anapiye. Manotsi timalemba pa bolodi iwo nkumakopera, belu likalira timawathamangitsa ndi kamtengo kuti alowe mkalasi, akajomba timaitanitsa makolo, mayeso a MANEB akayandikira timawaloweza ma pasti pepa mpaka kulota nawo. Ndiye mwadzidzidzi akupezeka malo omwe palibe belu, palibe woitana mayina mmawa, taimutebulo ili ndi mabowo kalasi ina 8 koloko ina 3 koloko, ndipo mwana amaona ngati maola apakatiwo ndi opuma chonsecho ndi a laibulale. Palibe amene anamuuza kuti timatesiti ndi ma asayimenti ta mkati mwa semesita timawerengeredwa ku malikisi omaliza, iye amadziwa za ku MSCE kuti nkhondo ndi ya kumapeto. Palibe anamuuza kuti kukopera ndime ya mbuku osatchula mwini wake ndi mlandu, pamene kwa ife kuno woloweza ndime yonse ndi amene timamuombera mmanja. Mawu oti sapu, mayeso obwereza ukalakwa, ndi kuwidwa, kuchotsedwa sukulu chifukwa cholephera, amayamba kuwamva kwa makonti omuopseza, osati kwa munthu womufotokozera modekha kuti malamulo ake amati chani ndipo zikavuta upite ofesi iti.

Ena anena kuti pajatu pamakhala oriyenteshoni. Eya imakhalapo, sindikukana. Koma tiyeni tinene zoona za sabata imeneyi. Ana amawaunjika mu holo, akuluakulu amabwera motsatizana ndi masuti awo, uyu mphindi makumi atatu uyu ola lathunthu, mbiri ya koleji, masomphenya, malamulo, kenako a banki kudzatsatsa ma akaunti, a mafoni kudzatsatsa mabando. Mwana ali pa mpando koma mutu uli ku rumu yomwe sanaipeze ndi ku fizi yomwe sinakwane kuti alembetse. Ndipo osauka enieni, omwe oriyenteshoniyo akuifunitsitsa, ndi amene amafika mochedwa sabata yachiwiri kapena yachitatu chifukwa kunyumba amadikira kugulitsa soya kapena nyemba kaye. Akamafika zonse zatha, anzawo apanga kale magulu a disikashoni, iwo amangolowa ngati mlendo wofika maliro ataika kale. Mafunso enieni mwana amakhala nawo sabata yachinayi kapena yachisanu, atalandira pepala loyamba lofiira, ndipo nthawi imeneyo ma tenti a oriyenteshoni anachotsedwa kalekale.

Za ndalama nde musachite kunena. Bungwe la ngongole za ophunzira lija la HESLGB, lomwe linakhazikitsidwa mu 2015, likuthandiza ana ambiri ndipo popanda ilo enafe sitikanakwanitsa, koma si onse amene amapeza loni, ndipo ngakhale woipezayo pamakhala masabata oti adye kaye za mthumba mwake isanalowe. Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, pamwamba pa 25 peresenti ya mu Meyi 2022, ndalama yomwe kholo limaona ngati yambiri potumiza imatha ngati mchere mmadzi, lendi, makala, kupulinta, bando, sopo. Ndiye ikalowa ya apukipu, ndalama yodyera ya loniyo, yonse pakamodzi, mwana yemwe sanaphunzitsidwepo kugawa ndalama amayamba ndi foni yatsopano kapena nsapato za pa kaunjika, wina amauzidwa ndi mnzake kuti tiye tiichulukitse pa kandege, juga ya pa foni ija, pakutha pa sabata ziwiri ali kwa wa katapila atapinyolitsa laputopu ya ngongole. Kwa atsikana nde kuli azibambo a magalimoto amene amadziwa bwino lomwe mwezi umene njala imalowa mma hositelo, amangozungulira madzulo magalasi atakweza. Timathamangira kunena kuti ana a masiku ano ndi otayirira, koma ndani anakhala naye pansi mwanayo ndi pepala ndi cholembera nkumuwerengera kuti ndalama iyi igawe chonchi kuti ikufikitse kumapeto a mwezi?

Mwana wathuyu anapulumuka ngati mmene ndinapulumukira ine, mwa mwayi chabe. Usiku umene uja ndinamuuza kuti usanyamuke, ndipatse masiku atatu. Ndinayamba kuimbira aliyense yemwe ndinamuphunzitsapo, mpaka ndinapeza nambala ya mtsikana wina yemwe anadutsa mmanja mwanga ndipo anali chaka chachitatu pa koleji yomweyo. Zomwe anachita mtsikana ameneyu si zodula ayi. Anapita ku rumu kuja Loweruka mmawa nkumutenga, anakamukhazika pa kompyuta ku laibulale maola atatu kumuonetsa kutsegula Word, kusunga fayilo, kutumiza imelo yokhala ndi atachimenti. Anamupatsa ma pasti pepa ndi manotsi ake a chaka choyamba. Anamuperekeza mpaka pa chitseko cha a lekichala aja nkumuuza kuti gogoda ine ndili pompano, ndipo a lekichalawo, omwe mwana ankawaona ngati mkango, anamulandira bwinobwino nkumulola kupereka asayimenti ija ngakhale anamudula malikisi. Anamuonetsa mayi wina kumsika wogulitsa masamba motchipa madzulo, anamulowetsa mu kagulu kophika limodzi anthu anayi kuti makala azikwanira. Ndipo chachikulu, anamuonetsa pepala lake la tesiti yoyamba ya chaka choyamba lomwe ankasungabe, 11 pa 30. Mwana akuti ataona pepala limenelo anaseka koyamba chifikireni.

Ndiye funso langa kwa akuluakulu a makoleji ndi lakuti, chinthu chotchipa chonchi chisiyidwirenji mmanja mwa mwayi? Bwanji yearo aliyense pofika asamapatsidwe dzina ndi nambala ya konti mmodzi wa dipatimenti yake, konti mmodzi ana asanu kaya asanu ndi mmodzi, oti azikumana nawo kamodzi pa sabata semesita yonse yoyamba, ndipo kontiyo mumpatse kalata yoti adzaike pa CV kapena mumuganizireko pa malo ogona? Kumene zoterezi zilipo kale pa pepala, zitsike pa pepalapo. Oriyenteshoni ina ichitike pakati pa semesita zotsatira za matesiti oyamba zitatuluka, ya timagulu ting'onoting'ono, mwana azitha kufunsa ngakhale mChichewa kapena mChitumbuka popanda womuseka. Masabata awiri oyamba pakhale makalasi a kompyuta a anthu oyambira pa ziro, ndipo musafunse mu holo kuti ndani sadziwa kompyuta aimike dzanja, palibe angaimike, ingoikani aliyense ayesedwe payekha. Komanso mndandanda wa nyumba za lendi zomwe koleji yaziyendera utumizidwe limodzi ndi kalata yoitana ija, akathyali a pa WhatsApp asowe podyera.

Inu makonti, ine ndinakhalapo konti ndipo ndivomere kuti nanenso ndinakuwapo yearooo chaka changa chachiwiri, zimakoma ukakhala mbali inayo. Kuseleulana pang'ono ndi chikhalidwe cha pa koleji sindikuti chithe. Koma pali kusiyana pakati pa nthabwala ndi kulanda mwana ndalama, kumugulitsa bedi lomwe si lako pa mtengo wowirikiza, kapena anyamata akuluakulu a chaka chomaliza kumasaka atsikana ongofika kumene ngati ngumbi za mvula yoyamba. Mabungwe a ophunzira nthawi ya kampeni mumalonjeza zakumwamba, tayambani ndi izi. Magulu a mapemphero ndi a anthu ochokera boma limodzi inu nde mumayesetsa, ambiri apulumukira kwa inu, kungoti musamathere pa kulemba mayina ndi kutolera ndalama ya ma T-shirt.

Ife aphunzitsi a ku sekondale tilinso ndi ngongole. Mwana akalemba MSCE amakhala pakhomo miyezi yambirimbiri kudikira, ena chaka chimakwana, akungolima ndi kugulitsa mandasi, ndipo ife timamuiwala tsiku lomwe watuluka pa geti. Chaka chino ine ndi mnzanga wina tinaitana ana anayi omwe asankhidwa kuchokera mdera lathu, Loweruka lililonse kwa mwezi umodzi, laputopu imodzi yanga yakale ya batire lakufa tikuilumikiza ku sola ya ahedi. Mnyamata wina anagwira mausi ndi manja awiri ngati akugwira mbewa yeniyeni yoti ithawa, tinaseka tonse mpaka misozi, koma anasekedwa ndi anthu anayi a kwawo pansi pa mtengo wa mango osati anthu mazana awiri osawadziwa. Tinawalembetsa imelo aliyense, tinawerengera limodzi bajeti ya mwezi, ndipo amene anawafotokozera za ku koleji si ine ayi, ndi mwana wa achemwali uja ali pa holide.

Makolo anzanga, funso loti zikuyenda lisiyeni, yankho lake ndi bodza nthawi zonse. Mufunseni kuti wadya chani lero, ndiwo zake zinali chani, tesiti yoyamba wapeza zingati, mnzako amene umayenda naye dzina lake ndani. Akakuuzani kuti walakwa tesiti musayambe ndi kumuwerengera mbuzi zomwe munagulitsa, akuzidziwa kale ndipo ndi zomwezo zikumusowetsa tulo. Makamaka anyamata, amene tinawalera kuti mwamuna salira, amangokhala chete mu rumu osapita mkalasi sabata yathunthu, ena nkuyamba kachasu ndi chamba, ife nkumadzamva mochedwa kapena kumva zoipa kwambiri zomwe sindifuna nkuzitchula komwe. Mwana amene wasiya kuimba foni kapena amene akungoyankha mawu amodzi amodzi, kwerani basi mukamuone, thiransipoti yake ndi yochepa poyerekeza ndi zinazo.

Wathuyu semesita yoyamba anatuluka ndi sapu imodzi, analemba nkukhoza, yachiwiri anadutsa yonse popanda chotsalira. Pano akulowa chaka chachiwiri ndipo dzulo wandiimbira kuti malume mukamatumiza ufa muonjezereko pang'ono, komanso mufunse kwa a Nachisale ngati mwana wawo uja wapeza malo, ngati sanapeze asatumize ndalama kwa aliyense, bedi la mesho wake wakale uja likhala lopanda munthu ndipo wayankhula kale ndi alandilodi. Ufawo ndakagayitsa lero mmawa, ndikudikira kondakitala wodziwika wa minibasi ya Lachisanu.

Ndine,
Malume wa yearo wakale,
Ntcheu